Pakhonde la Banja: Chilimwe mu Mzinda wa Blantyre

Mwezi wa Okutobala wafika, ndipo ife okhala mu Blantyre sitifuna kalendala kuti atiuze zimenezi. Mitengo ya jakaranda yakhuthula maluŵa ake m'mphepete mwa misewu, nyenje zikulira kuyambira m'maŵa, malata akutentha ngati chiwaya, ndipo madzi m'mipopi akubwera mwa apo ndi apo. Mukakumana ndi mnzanu panjira, asanakufunseni za kunyumba, ayamba wanena kuti, "Koma ndiye kwatentha!" Ambiri a ife timaiona nyengo imeneyi ngati chilango choti tingochipirira kufikira mvula itagwa.

Masiku apitaŵa ndinali kudya masuku oyamba pakhonde, ndipo ndinagaŵirako mwana wa mnansi wanga, mnyamata wa Sitandade 6, wanzeru ndithu m'kalasi. Ndinamufunsa kuti, "Kodi masukuŵa amachokera kuti?" Iye anayankha mosakayika kuti, "Ku Limbe." Tonse tinaseka. Koma usiku umenewo nkhaniyi inandibwereranso m'maganizo, ndipo kuseka kunandithera. Mwanayo sananame, pakuti kumeneko ndiko amawaona. Wabadwira mumzinda uno, wakulira m'munsi mwa phiri, koma mtengo wa msuku sanauonepo, ndipo palibe wamkulu amene anaganiza zomuonetsa.

Mwana wa kumudzi amadziŵa chaka poyang'ana mitengo, mphepo ndi mitambo. Mwana wa m'tauni amadziŵa kutha kwa mwezi, tsiku limene bambo kapena mayi alandira malipiro. Tsono chimene ndifuna tikambirane mwezi uno ndi ichi: mzinda nawonso uli ndi nyengo zake, ndipo banja limene lizitsata limapeza chisangalalo chosalira ndalama zambiri, pamene ana ake amakula akudziŵa dziko limene akulipondalo. Chilimwe ndicho nthaŵi yabwino yoyambira, pakuti misewu ndi youma, masiku ndi aatali, ndipo msika wadzaza.

TIYAMBIRE KUMSIKA

Sukulu yoyamba ya nyengo ndi msika. Loŵeruka m'maŵa, dzuŵa lisanakwere, tengani dengu ndi mwana mmodzi kapena aŵiri, mupite ku msika wa Limbe, wa Blantyre, wa Ndirande kapena umene uli pafupi ndi inu. Musapite mothamanga ngati munthu wotumidwa. Yendani pang'onopang'ono pakati pa milu ya zipatso, ndipo mwana afunse yekha kwa amayi ogulitsa kuti katunduyo wachokera kuti. Adzamva maina a malo amene amangowaona pa mapu a kusukulu: mavwende a ku Chikwawa, zinanazi za ku Mulanje, nthochi za ku Thyolo, kabichi ndi tomato wa ku Bvumbwe, mbatata yakachewere ya ku Ntcheu ndi ku Dedza. Pamenepo adzazindikira kuti mzinda sudzidyetsa wokha, koma umadya thukuta la anthu a m'maboma ouzungulira.

Mfumu ya zipatso za nyengo ino ndi mango. Amayamba kupsa kumadera otsika ndi otentha, monga kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, ndipo kumapiri amabwera pambuyo. N'chifukwa chake mango oyamba a mu Okutobala amakwera mtengo, koma pofika Disembala mulu wonse mumaugula ndi ndalama yochepa, wogulitsa n'kuikaponso banyira. Mayi wochenjera amadziŵa zimenezi, ndipo sathamangira zoyamba. Phunzitsani ana kusiyanitsa boloma, dodo ndi kalisere, kudziŵa bango lakupsa mwa fungo lake, ndiponso kunenerera mtengo mwaulemu popanda kunyoza malonda a munthu. Mango ali ndi mavitamini A ndi C ambiri, amene amathandiza maso, khungu ndi chitetezo cha m'thupi. Pamene achuluka, asendeni, muwadule timagawo topyapyala, muwayanike padzuŵa pamalo aukhondo mutaphimba ndi kansalu koletsa ntchentche, ndipo ana adzadya mango ngakhale m'miyezi yachisanu.

Pano ndikonzeko chikhulupiriro china chakale. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti mango amayambitsa malungo. Sichoncho ai. Malungo amabwera ndi udzudzu. Chimene chimachitika n'chakuti mango amachuluka pa nthaŵi imene mvula yoyamba yagwa, madzi adikha m'zithaphwi, ndipo udzudzu waswana. Ziŵirizi zimangofikira pamodzi ngati alendo okumana pakhomo. Musamletse mwana bango lakupsa ndi lotsuka, mugonekeni m'neti.

Pambuyo pa mango pamabwera masuku ndi mapichesi, ndipo chimanga chachiŵisi cha m'madimba chimaotchedwa m'mphepete mwa msewu. Mvula ikangogwa, ngumbi zimatuluka, ndipo posakhalitsa amayi amafika ndi mbale za boŵa. Chilichonse chili ndi sabata zake, ndipo chikapita chapita kufikira chaka chamaŵa. Kudya chinthu pa nyengo yake ndiko kudya chokoma koposa pa mtengo wotsika koposa. Botolo limodzi la chakumwa cha m'sitolo lingathe kugula zipatso zokwanira ana onse a m'nyumba.

DZIŴANI MZINDA WANU WAPANSI

Alendo amachoka kutsidya kwa nyanja kudzaona zinthu zimene ife timazidutsa tsiku ndi tsiku tili m'minibasi osatembenuka n'komwe. Mzinda uno unayamba mu Okutobala 1876, pamene amishoni a ku Scotland anakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni, natcha malowo Blantyre, dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Limbe anakula payekha chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo matauni aŵiriŵa anaphatikizidwa mu 1956. Ndi ana angati a m'masukulu athu amene angafotokoze zimenezi ataimirira pamalo pamene zinachitikira?

Ulendo wa m'mzinda sulira galimoto. Yambirani pa tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. Amene anachilinganiza, David Clement Scott, sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo amene anachimanga anali anthu a kuno, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo. Auzeni ana ayang'anitsitse makoma, aŵerenge mitundu ya njerwa imene angaione, ndipo aone ngati nsanja ziŵiri za kutsogolo zili zofanana. Kuchoka apo pitani ku Mandala, kumene kuli nyumba yosanja ya 1882, imene inamangidwa ndi kampani ya African Lakes. Dzina lakuti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ankavala. Pomaliza kafikeni ku Chichiri, ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 1966. Kumeneko mwana adzaona makasu, mikondo, ng'oma ndi ziŵiya zimene makolo ake ankagwiritsa ntchito, ndiponso makina akale amene ali panja.

Ngati pakhomo pali agogo, musawasiye. Chinthu chimene kwa mwana ndi chakale chongoyang'ana, kwa agogo ndi moyo umene anaukhala, ndipo adzachifotokoza bwino koposa chikwangwani. Makolo ambiri amadandaula kuti ana a masiku ano sacheza ndi akulu. Koma kodi tawapatsa nkhani yoti achezerane?

Palinso phunziro lina limene silifuna kutuluka pa mpanda. Kumayambiriro kwa Novembala dzuŵa limadutsa pamutu penipeni pa mzinda uno. Zikani kamtengo kowongoka pabwalo, ndipo nthaŵi ikamayandikira 11:30 m'maŵa itanani ana adzaone: chithunzithunzi cha kamtengoko chidzafupika mpaka kutsala pang'ono kuzimirira. Pamenepo adzamvetsa chifukwa chake masiku ameneŵa amatentha koposa, pakuti dzuŵa likuomba molunjika, ndipo mitambo yolitchinga siinafike.

KUMENE ANTHU ASONKHANA

Nyengo youma ndiyo nyengo ya misonkhano, chifukwa palibe mvula yobalalitsa anthu. Pa 15 Okutobala dziko lonse limakumbukira Tsiku la Anakubala. M'malo mongopereka chitenje n'kubwerera ku zochita zanu, bwanji tsiku limenelo ana aphike okha, mayi apume, ndipo madzulo banja lonse lituluke limodzi? Mwezi womwewu kumachitika kaŵirikaŵiri chikondwerero cha zaluso cha Blantyre Arts Festival, chimene chinayamba mu 2009, kumene oimba, ochita zisudzo ndi alakatuli amaonetsa luso lawo. Mu Okutobala momwemunso Alhomwe amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kumene mungaone gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamulemba mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse. Mwana wa Chicheŵa, wa Chiyao, wa Chisena kapena wa Chitumbuka amene akukulira mu Blantyre ayenera kudziŵa miyambo ya anzake amene amakhala nawo pa benchi limodzi.

Palinso zochitika zazing'ono zimene sizilengezedwa pa wailesi, koma ndizo zili pafupi ndi ife: mipikisano ya makwaya, maseŵera a mpira wamiyendo ndi wamanja pa mabwalo a sukulu, zisudzo za ana potsekera teremu mu Disembala, ndi maukwati amene amachuluka mvula isanayambe. Mwana wanu akamaseŵera kapena kuimba, kakhaleni nawo pa gulu la oonerera. Adzaiŵala zambiri zimene munamugulira, koma tsiku limene anakuonani mukumuombera m'manja sadzaliiŵala.

Komatu ndinenepo mosabisa: si msonkhano uliwonse umene uyenera mwana, ndipo ngakhale wabwino umasintha nkhope dzuŵa likaloŵa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene Bullets ndi Wanderers akumana, chisangalalo chimakhala chachikulu, komanso khamu limakhala lalikulu, ndipo mwana wamng'ono sayenera kukhalamo yekha. Njira yake si kutsekera ana m'nyumba, pakuti wotsekeredwa amadzatulukira pawindo. Njira yake ndi kupita nawo masana, kuona nawo, kubwerera nawo kusanade, ndi kukambirana panjira zimene mwaona, zabwino ndi zoipa zomwe.

ULENDO WA TSIKU LIMODZI

Blantyre ali ndi mwaŵi umene mizinda yambiri ilibe. Mungathe kunyamuka m'maŵa, kukafika kuphiri lalikulu kapena kuchigwa cha nyama zakutchire, n'kudzagona pakhomo panu tsiku lomwelo. Nditchulepo maulendo atatu.

Woyamba ndi wa ku Mulanje. Mukadzera msewu wa ku Thyolo mudzapyola pa Bvumbwe, pamene mungagule ndiwo zamasamba zongothyoledwa kumene, kenaka mudzaloŵa m'minda ya tiyi imene imakhala yobiriŵira ngakhale dziko lonse litauma. Tiyi anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo kufikira lero ndi imodzi mwa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Mwana amene amamwa tiyi m'maŵa uliwonse aone tsamba lake, aonenso anthu amene amalithyola atabereka madengu kumsana. Patsogolo panu padzaima phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe ina yoiposa m'Malaŵi. Mu 2025 UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Kukwera pamwamba ndi ulendo wa masiku, koma kuchokera ku Likhubula banja lingathe kuyenda wapansi kukafika pa mathithi a Dziŵe la Nkhalamba ndi kubwerako tsiku lomwelo. Muwauze ana kuti kuyambira 2019 ena mwa madzi a m'mipopi ya mu Blantyre amachokera ku mtsinje wa Likhubula womwewo, pamene ochuluka amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry. Mwana amene waona kutalika kwa ulendo wa madzi sasiya mpopi ukudontha.

Wachiŵiri ndi wa ku Zomba, mtunda wosafika makilomita 70. Zomba anali likulu la dziko lino kufikira 1975, pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo nyumba zambiri za nthaŵi imeneyo zikadalipo. Koma chokoma cha ulendowu m'chilimwe ndi kukwera phiri. Munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse, kotero kuti amene anachoka m'tauni akutuluka thukuta amafika pamwamba akufuna juzi. M'mphepete mwa msewu wokwera anyamata amagulitsa sitiroberi ndi zipatso zina za kumalo ozizira zimene sizipezeka kaŵirikaŵiri m'misika yathu. Pamwambapo pali damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wa Zomba, pali dzenje la Chingwe, ndiponso malo otchedwa Emperor's View, okumbukira mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia imene inadzacheza kuno mu 1965. Kukakhala kopanda utsi, kuchokera pamenepo mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje patali.

Wachitatu ndi wa ku Chikwawa, ndipo uwu ndi wa olimba mtima, pakuti kuchigwa kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo msewu umatsika mokhotakhota kufikira pa mlatho wa Shire. Potsikapo chigwa chonse chimaoneka ngati mphasa yoyalidwa. Chifukwa chopitira m'nyengo yotentha n'chakuti udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana kumene kuli madzi, choncho sizivuta kuona. Nkhalango ya Majete inali itatheratu nyama chifukwa cha opha mozemba, koma kuyambira 2003, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi boma, njovu, zipembere, njati ndi mikango zinabwezeredwamo. Pafupi pomwepo pali mathithi a Kapichira, amene anaimitsa sitima ya Livingstone mu 1859, ndipo lero amapukusa makina a magetsi. Pamene namondwe Ana anaononga malowo mu Januwale 2022, tonse tinalaŵa mdima wake kwa miyezi yambiri. Mwana akaona mathithiwo adzadziŵa kumene kuŵala kwa m'nyumba mwake kumachokera.

NANGA NDALAMA?

Ndikudziŵa kuti wina akuŵerenga akupukusa mutu, nati, "Zimenezi n'za anthu a magalimoto. Ife ndi ufa womwe ukutivuta." Mau ameneŵa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Zinthu zakwera mtengo, ndipo miyezi ino ndiyo imene banja limafunanso feteleza wa kumudzi ndi fizi ya ana. Koma taonani kuti mwa zonse ndatchulazi, zambiri sizilira kanthu koma miyendo ndi nthaŵi. Kumsika mumapita kale; chatsopano ndi kutenga mwana. Kuyang'ana nyumba zakale n'kwaulere. Mpira wa pasukulu ulibe chitseko.

Ulendo wakutali ndiwo ufuna kukonzekera, ndipo umodzi pa chaka ndi wokwanira. Pang'onopang'ono ndi mtolo: sungani kandalama mwezi ndi mwezi m'chitini chimene ana akuchidziŵa, ndipo nawonso aponyemo zawo. Mabanja atatu kapena anayi angathe kusonkherana n'kubwereka minibasi imodzi, ndipo magulu a achinyamata angachite chimodzimodzi. Kumalo osungirako nyama, nzika za dziko lino zimalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho nyamulani chitupa chanu cha unzika ndipo funsani mtengo musananyamuke. Kamba konzani kunyumba: mbatata yophika, chinangwa, mazira, zitumbuwa, mtedza wokazinga ndi thobwa. Chimene chimadya ndalama paulendo si msewu ai, koma kugula chakudya panjira.

Tidzifunsenso moona mtima. Kodi ndalama zimene zimathera ku mayunitsi a foni, ku kubetcha pa mpira kapena kumalo omwera pa mwezi umodzi sizingafikitse banja ku Zomba? Kaŵirikaŵiri chimene chimasoŵa si ndalama yokha, koma kuganiza kuti kucheza ndi ana ndi chinthu choyenera kuchiikira padera.

MACHENJEZO ANAYI

Loyamba ndi la ukhondo. M'zaka za 2022 ndi 2023 dziko lino linakumana ndi mliri wa kolera woopsa koposa ina yonse m'mbiri yake, ndipo anthu oposa 1,700 anamwalira. Blantyre anali mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Chipatso chilichonse chitsukidwe ndi madzi abwino chisanadyedwe, manja asambidwe ndi sopo, ndipo zipatso zosendasenda zimene zakhala pa ntchentche zisagulidwe. Madzi akumwa nyamulani anu, oŵiritsa kapena othira mankhwala.

Lachiŵiri ndi la dzuŵa. Nyamukani m'mamaŵa, pumani pamthunzi masana, ndipo ana amwe madzi asanadandaule ludzu. Makanda ndi okalamba ndiwo amafooka msanga. Ana achialubino avale zipewa zazikulu ndi zovala za manja aatali, ndipo adzole mafuta oteteza khungu.

Lachitatu ndi la madzi akuya. Maiŵe a m'mapiri ndi ozizira kwambiri, ndi akuya koposa mmene amaonekera, ndipo miyala yake ndi yoterera. Mwana wosadziŵa kusambira aseŵere m'mphepete wamkulu akumuyang'ana. Mu Shire musayerekeze n'komwe, pakuti muli ng'ona ndi mvuu. Kuphiri tengani munthu wodziŵa njira, ndipo mukaona mitambo ikusonkhana tsikani.

Lachinayi ndi la boŵa. Safunsa anadya phula. Gulani boŵa wa mitundu imene mukuidziŵa bwino, ndipo ana asazule okha kutchire, chifukwa wina wakupha amafanana ndi wodyedwa.

PHIRI LIKATHA, MSIKA NAWO UTHA

Tibwerere kwa mnyamata uja wa masuku. Yankho loona la funso langa ndi lakuti masuku amachokera kutchire. Msuku si mtengo umene anthu ambiri amabzala. Umamera wokha m'nkhalango zachilengedwe pamodzi ndi mitengo ya tsamba ndi mombo. Boŵa wa manyame nayenso amamera pokhapokha pamene pali mizu ya mitengo yachilengedwe yoteroyo, pakuti amadyerana nayo pansi pa nthaka. Mitengoyo ikasanduka makala, masuku ndi boŵa zimapita nayo limodzi. Thumba la makala limene tagula lero lingakhale mbale ya masuku imene mdzukulu wathu sadzailaŵa.

Akuluakulu amene anakulira mumzinda uno akukumbukira pamene mapiri a Ndirande, Soche, Mpingwe ndi Bangwe anali ndi mitengo. Lero ambiri a iwo ndi ometedwa mpala, ndipo Michiru, amene anapirira nthaŵi yaitali, nayenso wadulidwa kwambiri m'zaka zaposachedwa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yoposa muyeso, ndipo matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Anthu mazanamazana anataya miyoyo m'chigawo cha kummwera. Mvula yotero ikanaononga ngakhale kukanakhala nkhalango, koma phiri lopanda mizu yogwira nthaka siliimitsa kanthu. Madzi saiŵala khwaŵa.

N'chifukwa chake kutuluka ndi ana si maseŵera chabe. Munthu sateteza chinthu chimene sachidziŵa. Mwana amene wakhala pamthunzi wa nkhalango ya Zomba, namva kuzizira kwake, akadzayang'ana phiri la kwawo adzadziŵa kuti pali chimene chinatayika, ndipo akadzakumbukira za Majete adzadziŵanso kuti chotayika chingathe kubwezeredwa. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Njere za mango amene mudye mwezi uno musataye zonse. Ana azifese m'timachubu kuseri kwa nyumba, azithirire ndi madzi otsukira mbale, ndipo mvula ikakhazikika mudzabzale, wina pakhomo, wina kusukulu, wina kumudzi.

MAU KWA ACHINYAMATA

Inu anyamata ndi atsikana, musadikire kuti makolo ayambe ndiwo. Ambiri a iwo atopa ndi ntchito ndi nkhaŵa zimene sakuuzani. Foni imene ili m'manja mwanu imakuonetsani mizinda ya kutali, ndipo nkosavuta kuyamba kuganiza kuti moyo wokoma uli kwina, kuno tikungodikira. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gwiritsani ntchito foni yomweyo kufufuza mtengo wa basi, kujambula agogo akufotokoza za kale, ndi kulemba maina a mitengo ndi zipatso zimene mwaphunzira. Pemphani mayi kuti Loŵeruka likudzali muwanyamulire dengu. Tengani mng'ono wanu mukamuonetse nyumba ya Mandala. Mukatero mudzaona kuti mzinda umene mumati ndi wotopetsa simunaudziŵe n'komwe.

Ndipo inu makolo anzanga, kuwongola mtengo m'poyamba. Zaka zimene mwana amakondwa kuyenda pambali pa bambo ndi mayi ake n'zoŵerengeka, ndipo zimatha mofulumira ngati nyengo ya masuku. Posachedwapa chizimalupsa chigwa, fumbi lizizira, misewu ya kumapiri iyamba kuterera, ndipo tonse titanganidwa ndi kubzala. Sankhani Loŵeruka limodzi mwezi uno usanathe, mulilembe pa khoma pamene ana akuliona, ndipo likafika musalisinthe.

Mnyamata wa mnansi wanga uja tapangana naye kale. Mayi ake avomera, ndipo sabata yamaŵa tikukwera basi ya ku Zomba kukafuna mtengo wa msuku. Mukatichezera mwezi wamaŵa pakhonde pano, ndidzakuuzani ngati tinaupeza. Tsalani bwino.